Apongozi Anga pa Kagalimoto Kopanda Msonkho

Zopusa ndakhulupirirapo zambiri pa moyo wanga, koma chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chimodzi. Ndinkakhulupirira kuti boma likachotsa msonkho pa chinthu, ndiye kuti latikumbukira ife osauka. Sekani, palibe mlandu. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, ndipo nayo sitandade faifiyo ndinkaonekerako kwambiri masiku a mpira. Komatu maganizo amenewa sindinawayambitse ndine. Ndinawamva pa wayilesi, kwa anthu a Chingerezi chodutsira m'mphuno. Kungoti iwowo atatha kulankhula anapita kukadya nkhomaliro, ine n'kupita kukagulitsa pikiapu yanga.

Pikiapu imeneyo ndinaigula itatopa kale, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, kwa bwana wina wa ku Limbe amene ndinamuyendetsera galimoto mpaka imvi zinayamba. Chitseko cha kumanzere tinkamanga ndi mphira. Kulira kwake kunali kochita kukankha, n'chifukwa chake inkagona kumtunda, m'mbali mwa msewu, mphuno italoza kumsika wa Ndirande, kuti m'mawa ndingochotsa mwala kutayala. Za utsi musafunse. Amayi oyanika zovala ankandizindikira ndisanakhote. Inkanyamula mchenga, njerwa, makala, mipando ya anthu osamuka, koma ntchito imene inandipatsa ulemu ndi ya maliro. Mumphakati wathu wa tchalitchi ambiri ndife a kumunsi, a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo munthu wa kumunsi, ngakhale akhale m'tauni mpaka mano kutha, safuna kukagona m'manda a Blantyre pakati pa alendo. Wina akatisiya, anthu sankafunsa kuti bokosi likwera chiyani. Ankangobwera kudzagogoda kwathu.

Apongozi anga aakazi anabwera kudzakhala nafe miyendo itayamba kuwatupa. Anakawatenga kumudzi ndi mkazi wanga, poti chipatala chachikulu chili kuno. Abale kumudziko sanakondwe nazo, makamaka amalume ake a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongoziwo, munthu wamtali wouma ngati mtengo wa mawaya a magetsi, amene ngakhale moni wake umamveka ngati mlandu. Iwo ankati tawatenga mayiwo kuti azitilerera ana, tawatsekera m'kanyumba kopanda ndi bwalo lomwe, ndipo tsiku lina tidzawabweza m'bokosi. Mawu amenewa ankatipeza kudzera kwa aliyense wobwera kudzagulitsa mbuzi m'tauni. Mkazi wanga ankangowasambitsa mayi akewo, kuwadzoza mafuta m'miyendo, ndipo tsiku la chipatala ankawabereka kumbuyo, kukwera nawo kanjira kathu mpaka kumsewu, chifukwa pikiapu sinkatha kulowa pakati pa nyumba. Anachita zimenezi zaka, osati miyezi.

Kumudzi mkamwini ndi apongozi amapatukirana panjira. Koma m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande mungapatukire kuti? Tinayesa manyazi masiku oyamba, kenaka tinatopa nawo, tinayamba kunyogodolana. Iwo ankanditchula kuti adalaivala.

"Adalaivala," anatero tsiku lina ali pamkeka pakhonde, "chigalimoto chanu chija chikutsokomola kuposa ine. Ayambe ndani kupita?"

"Muyamba ndinu, mayi. Icho chili ndi ntchito yokuperekezani."

Anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anasiya kuseka.

"Mwanena nokhatu. Mudzandinyamule ndinu, manja anu pa chiwongolero. Sindifuna kudzaponyedwa pa lole ya eni ake ngati thumba la chimanga. Mukandifikitse kwathu bwinobwino, achimwene anga aja akasowe cholankhula pa mwana wangayu. Wavutika nane mokwanira."

Ndinalonjeza. Mkazi wanga anali pomwepo akusankha nyemba, ndipo anamva.

Ndiyeno kunabwera zaka zija mafuta anasowa m'dziko muno. Amene munalipo mukukumbukira. Tinkagona pamzere pa filing'i siteshoni, zigubu zitandandalikidwa ngati ana a sukulu, kudikira thanki imene aliyense ankalumbira kuti waiona ndi maso ake ili pa Kameza, koma osafika. Petulo ndinadana naye nthawi imeneyo monga mmene umadanirana ndi m'bale amene sungathe kumusiya. Koma ndinaphunzirapo luso limodzi, kuyendetsa pa fili. Ukafika pamtunda umazimitsa injini, kuchotsa giya, n'kumangotsetsereka, phazi lili pa buleki, pakamwa pali pemphero. Maliro angapo ndinawafikitsa ku Chikwawa ndi petulo woti wina sangafike naye ndi ku Chilomoni komwe. Ndinayamba kudzitama pa bawo kuti njira ya kwathu ndi mtsetse wokhawokha, ngakhale wilibala ikhoza kukafika yokha. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Patapita zaka, mafuta atabwerera koma mtengo wake utakwera kudenga, pa wayilesi panayamba nkhani ya magalimoto oyendera magetsi. Ankati mayiko osauka ngati lathu akuchotsa msonkho pa magalimoto amenewa kuti anthu awagule, mpweya uyere, ndalama zakunja zisamathere ku mafuta. Ankatinso magalimoto akale ofuka utsi ayenera kumalipira msonkho wapadera, chifukwa akuwononga nyengo. Pa bawo anzanga anautcha msonkho wa utsi, ndipo onse anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, inuyo ndiye adzachita kukuyezerani pa sikelo," anatero wina. "Utsi wanu uja si wa munthu mmodzi, ndi wa fakitale."

Ndinaseka nawo, koma mumtima munalowa minga. Tangoganizani. Nyengo ya dziko lonse lapansi yasokonekera, azungu ali ndi ndege zawo ndi mafakitale awo, koma wolakwa wapezeka ku Ndirande, wa chitseko cha mphira.

M'masiku omwewo ku Limbe kunatulukira bambo wina wamalonda, wa taye ndi nsapato zosongoka, amene anaitanitsa kunja timagalimoto ta magetsi ta matayala atatu. Kutsogolo ngati njinga yamoto, kumbuyo bodi yonyamulira katundu. Anandilola kuyendetsa kamodzi kuseri kwa sitolo yake. Kanthu kaja sikankalira ayi. Kankangoti shii, ngati mayi akuletsa mwana kusokosa m'tchalitchi.

"Madala," anatero, "apa palibe petulo, palibe oyilo, palibe injini yoti ife. Mukangolumikiza pakhoma ngati foni, basi. Ndipo mtengo wake wachepa chonchi chifukwa kalowa kopanda msonkho. Boma likufuna anthu ngati inu."

Kaya kanalowadi kopanda msonkho, kaya ankangonena, ine pepala lake sindinalione, ndipo ndikanaliona sindikanafika nalo patali. Koma mawu akuti anthu ngati inu anandilowa mpaka m'mafupa. Moyo wanga wonse msonkho unkandipeza paliponse, pa sopo, pa tayala, pa mayunitsi a foni. Apa kwa nthawi yoyamba unali utandilambalala, ndipo ndinamva ngati akuluakulu ena ake ku Lilongwe akhala pansi n'kutchula dzina langa. Ndinayeza bodi yake ndi mapazi. Bokosi la munthu wamkulu linkakwana, chitseko cha kumbuyo chikatsitsidwa. Kuganiza kwanga kunathera pomwepo.

Mkazi wanga atamva anangofunsa funso limodzi.

"Abambo, magetsi ake ati?"

Anafunsa choncho chifukwa izi zinkachitika zaka zimene magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka anthu kugona, n'kubwera anthu ali m'tulo ngati mwamuna wa mitala, tambala asanalire apitanso. Ndinamuyankha kuti za chitukuko azisiyire ife omvera wayilesi. Pikiapu ndinagulitsa kwa mnzanga wina wa ku Bangwe wonyamula njerwa, ndipo kagalimoto kanalowa m'kanjira kathu mpaka pakhomo penipeni, dera lonse litatuluka kudzaona.

Apongozi anakayang'ana nthawi yaitali.

"Adalaivala, kameneka kakula liti?"

"Kakula kale, mayi. N'kachizungu."

"Nanga bwanji sikalankhula? Chinthu choyenda mwakachetechete ine ndimachiopa. Chija chinkatsokomola, koma unkadziwa kuti chili moyo."

Miyezi yoyamba ndinali bwana. Ndinkadutsa pa filing'i siteshoni n'kuima dala, kufunsa othira mafuta ngati adzuka bwino. Tsiku la chipatala mkazi wanga sankawaberekanso mayi ake, ankakwerera pakhomo. Chimenecho chokha ndi chabwino chimene ndingakanenere kagalimotoko, ndipo ndachinena, asadzati ndinabisa. Mchenga ndi njerwa ndinasiya, chifukwa pa zitunda za Ndirande kankafika pakati n'kuyamba kuganiza. Ndinkanyamula mabelo a kaunjika ndi madengu a tomato. Kugona kwanga kunali kwa khutu limodzi, linalo lili ku firiji ya aneba. Ikangoyamba kung'ung'udza, ndinkadziwa kuti magetsi abwera, n'kudzuka kukalumikiza tchaja.

Chaka chisanathe mabatire anayamba kutopa. Ndinabwerera ku Limbe.

"Atsopano alipo, madala," anatero wa taye uja, n'kutchula mtengo umene unandikhazika pansi pa kireti.

"Nanga si paja munati palibe msonkho?"

"Pa galimoto palibe. Batire si galimoto, ndi sipeya. Sipeya amalipira zonse."

"Ndiye kagalimoto kopanda batire n'chiyani?"

"Imeneyo mukafunse kwa opanga malamulo, madala. Ine ndimangogulitsa."

Ndinabwerera ndi mabatire anga akale omwewo. Ndi pamene ndinayamba kuona kuti chifundo chimenechi anakonzera anthu a m'mipanda ya njerwa, a masola padenga ndi jenereta kuseri, amene magetsi akazima amangomva kwa antchito awo. Iwowo msonkho akawachotsera amaonadi kupepuka. Ine anandichotsera pakhomo lolowera n'kukandidikirira mkati. Koma kunyumba sindinanene kanthu. Pa bawo ndiye ndinawonjeza kudzitama, poti munthu ukagula chinthu chopusa umayenera kuchitamanda kwambiri kuti anzako asayambe ndi iwo.

Apongozi okha ndi amene sindinawapusitse. Matenda atakula, osathanso kutuluka pakhonde, anandiitana ndikudutsa pabalaza.

"Adalaivala, kamwana kanu kaja masiku ano kakubwera msanga kunyumba. Kakudwala?"

"Kali bwino, mayi."

"Kadzandifikitsa?"

"Kadzakufikitsani mpaka pakhomo."

"Mukanama ndidzabwera kudzakutsinani," anatero, n'kutseka maso akumwetulira.

Anatisiya mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anapita masana, mutu uli pamwendo pa mkazi wanga. Pofika madzulo nyumba inali itadzaza, amayi a mphakati mkati akuimba, abambo panja pamabenchi. Amalume aja anafika ndi minibasi yomaliza kudzatenga mlongo wawo, ndipo moni wawo kwa mkazi wanga unali wakuti, "Si izi nanga."

Mphakati unapeza lole yonyamula anthu. Ena anati bokosi likwere momwemo, koma mkazi wanga anakana. Anati mayi ake ananena okha wodzawanyamula.

Kagalimoto ndinakaimika pawindo, chingwe cha tchaja n'kuchilowetsa mkati, pa soketi imodzi yokha imene tinali nayo pabalaza, kuti magetsi akabwera kadye mpaka kucha. Magetsi anabweradi. Koma inu mukudziwa zimene zinkachitika zaka zimenezo babu likangoyaka. Munthu aliyense dzanja m'thumba, kufuna potchajira foni. Pamaliro pali khamu, ndipo aliyense ali ndi abale oti awadziwitse. Ine ndinali panja ndi abambo, ndipo mwamuna salowa m'nyumba mmene muli amayi ndi thupi kuti akayendere soketi. M'mawa nditasuzumira pawindo ndinapeza tchaja yanga ili pansi, pakhoma pali ekisitenshoni ya aneba, mafoni atakangamira ngati ana a nkhumba pa mawere. Ndikanadzudzula ndani? Pamaliro sakangana. Mayi wina anachita kundithokoza kumene, kuti Mulungu akudalitseni bambo, foni yanga yadzaza.

Pa chiwongolero cha kagalimotoko panali timagetsi tobiriwira tosonyeza mphamvu yotsala. Tina tinali titayaka, tina ayi. Ndinatiyang'ana, n'kukumbukira luso langa lija la pa fili. Njira ya kwathu ndi mtsetse wokhawokha, ndinadziuza.

Amalume anakazungulira kagalimotoko manja ali kumbuyo.

"Akamwini, mlongo wanga akwera pa chidole ichi?"

Anthu anali akumvetsera, ndipo pakamwa panga panayamba pokha.

"Malume, ichi si chidole. Aka sikafa panjira. Kalibe injini, sikamwa mafuta, palibe choti chiwonongeke. Zakufa panjira n'za magalimoto a petulo. Aka kuti kaime, pokhapokha nditakaimitsa ndine."

"Tamva," anatero amalume. Ndipo anthu onse anamvadi.

Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono, ine patsogolo ndi bokosi lomangidwa bwino ndi zingwe, nsalu ya mtanda pamwamba, lole pambuyo amayi akuimba. Kutsika Ndirande kanayenda ngati madzi. M'tauni abambo ankavula zipewa, ena n'kuiwala kuzivalanso poyang'ana. Koma titatuluka m'tauni ndinayamba kuona zinthu zimene pikiapu inkandibisira zaka zonse zija. Njira ya ku Chikwawa si mtsetse wokhawokha ayi. Usanafike pa phiri lotsikira kuchigwa pali zitunda zing'onozing'ono, cha ku Mpemba uko mpaka ku Chadzunda, zimene pikiapu inkangozimeza ine osazindikira. Kagalimoto kankazimva chimodzichimodzi, ndipo pamwamba pa chitunda chilichonse ndinkapeza kagetsi kena kakuphethira.

Pa mtsetse waukulu mtima unakhalako pansi. Ndinazimitsa zonse, tinatsika mokhotakhota muja pa fili, mabuleki akununkha, chigwa chonse chili poyera kumunsi. Ndinalankhula nawo apongozi chamumtima, kuti mayi, mwaona, tafika. Pa Thabwa mtsetse unatha. Kuchigwa kulibe chokukankha. Msewu unangoti see, mphepo yake yotentha ngati ya mu uvuni. Tinawoloka mlatho wa Shire kagalimoto kakuyenda ngati nkhalamba yopita kutsogolo m'tchalitchi, ndipo titapitirira pang'ono, pamalo opanda ndi mthunzi womwe, kagetsi komaliza kanazima. Kagalimoto kanaima. Sikanatsokomole, sikanagwedezeke. Kanangoima mwaulemu.

Lole inaima pambuyo. Nyimbo inadukira pakati.

Tsono kwathu kuli chikhulupiriro china, ndipo ngakhale ife Akatolika timachidziwa, kungoti sitivomera pamaso pa ansembe. Galimoto yonyamula maliro ikaima yokha panjira popanda chifukwa, ndiye kuti malemu akukana. Ali ndi chakukhosi, pali wina anawalakwira, ndipo sapitirira mpaka wolakwayo apepese. Ine ndanyamula maliro ambiri, ndipo pikiapu inkafa panjira kawirikawiri, koma iyo inkafa moonekera, utsi uku, phokoso uku, madzi akuwira. Ndinkatsegula boneti, kumenya apa ndi apo ndi sipanala, anthu n'kuona kuti ndi chitsulo chabe chavuta. Apa panalibe boneti yoti nditsegule.

"Ndi mabatire," ndinatero amalume asanafike n'komwe pamene ndinali. "Moto watha. Anthu anachotsa tchaja pakhoma."

"Moto watha," anabwereza amalume mofatsa. "Si inu munati sikafa panjira?"

"Ndinatero, koma..."

"Munati kuti kaime, pokhapokha mutakaimitsa ndinu. Mwakaimitsa ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye wakaimitsa ndani?"

Ndinati tisamutsire bokosi pa lole. Dalaivala wa lole anapukusa mutu. Anati galimotoyo ndi ya bwana wake, sangakweze munthu amene akukana, ingakafe nayonso kapena kugubuduzika. Ndinaloza amayi amene anatchaja mafoni aja kuti anene zoona. Onse anayang'ana pansi. Ndani angavomere kuti anaimitsa maliro chifukwa cha foni?

Amalume anatembenukira ku lole, kumene kunali mkazi wanga.

"Mlongo wanga wadutsa Blantyre yense osakana. Watsika phiri osakana. Wawoloka Shire, waona kwawo, ndiye wakumbukira amene anamuchotsa kuno. Iwe, tsika."

Mkazi wanga anatsika. Sanandiyang'ane. Nsapato anali atavula m'lole muja, ndipo anayenda pa tala wotentha uja chosavala mpaka kumbuyo kwa kagalimoto, n'kugwada kumutu kwa bokosi.

"Amayi," anatero, "ngati ndinakulakwirani..."

"Palibe za ngati," anatero amalume. "Ndipo kweza mawu. Sakumva."

Ndiye mkazi amene anabereka mayi ake kumbuyo zaka zonse zija, amene ankawachapira nsalu zimene sindingazitchule pano, ananena mokweza, pamaso pa mphakati wonse ndi anthu a njinga amene anaima kudzaonerera, kuti anawalakwira mayi ake powachotsa kwawo, kuti anawasunga moipa m'tauni, ndipo akupempha kuti amukhululukire, apitirize ulendo. Amalume ankamuuza mawu, iye n'kumabwereza. Zinatenga nthawi, chifukwa amalumewo anali atasunga mawu ambiri.

"Tayesani tsopano, akamwini."

Apa ndiye pamene pamandiwawa. Aliyense amene anakhalapo ndi wayilesi ya mabatire akudziwa kuti batire lotopa ukalipumitsa, makamaka padzuwa, limabweza kamphamvu pang'ono. Tinkawayanika padenga kuti timvere mpira. Ine ndinkadziwa kuti nthawi yonse imene mkazi wanga anali chogwada, mabatire aja ankapuma padzuwa la ku Chikwawa. Kakayenda, ndiye kuti amalume anena zoona mpaka kalekale. Kakapanda kuyenda, mkazi wanga agwadabe pa tala paja, ndipo thupi lili m'bokosi pa kutentha kumene kuja. Dalaivala aliyense amapemphera kuti galimoto yake iyende. Ine tsiku limenelo sindinadziwe chopempha.

Amalume anaima pambali panga, maso ali pa dzanja langa. Ndinapotokola kiyi. Kagetsi kamodzi kanayaka. Ndinapotokola chogwirira, kagalimoto kanati shii, n'kuyamba kuyenda.

Amayi m'lole anafuula, ena analira mokweza, wina anayambitsanso nyimbo. Ndinamva mawu a mayi uja wa foni yodzaza akuti, "Mwaona? Avomera!" Kanakwawa choncho mpaka pamphambano yolowera kumudzi, n'kufa tsopano kwenikweni. Koma pamenepo panalibenso amene anasamala, poti adzukulu okumba manda anali akudikira kale kuti anyamule bokosi pamapewa.

Kumanda amalume analankhula m'malo mwa banja. Anathokoza mphakati, anathokoza dalaivala wa lole, anandithokoza ngakhale ine. Kenaka anafotokozera mudzi wonse zimene zinachitika titawoloka mlatho, kuti ana amene ali m'tauni aphunzirepo. Amayi a kumudzi amene anakhala pafupi ndi mkazi wanga anasendera pang'ono, pang'ono chabe, koma ine ndinaona, ndipo iyenso anaona.

Kagalimoto kanatsala komweko, poti mudziwo ulibe magetsi ndipo kukakweza phiri lija kunafunika lole ina. Ndikumva kuti nkhuku za amalume zimaikiramo mazira. Msonkho wa utsi uja unabweradi pambuyo pake. Mnzanga wa ku Bangwe amaulipira akutukwana, koma pikiapu ikuyendabe, chitseko chake cha mphira chomwecho, ndipo maliro a mphakati wathu amanyamula ndi iyeyo. Ine ndimakwera kumbuyo ndi anthu ena onse, utsi wanga womwe ukundilowa m'maso. Pa wayilesi akunenabe za magalimoto a magetsi, mawu okoma omwe aja, ndipo mwina kwa ena n'zoona. Ine ndimangotseka.

Koma izo n'zapatsogolo. Tsiku la maliro lomwelo, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, mdima utagwa, mkazi wanga anandipeza kuseri kwa khola nditakhala pa chitsa. Ankayenda monyang'ama, mapazi atachita matuza. Anabweretsa madzi osamba m'beseni, monga amachitira masiku onse, n'kuwaika pansi. Ndinayamba kufotokoza za mabatire, za soketi, za bambo wa taye, za anthu amene amachotsa msonkho pa galimoto n'kuusiya pa batire. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Abambo," anatero, "za mabatire ndikudziwa. Ndinkadziwa ndili chogwada pomwe paja. Amayi sangandikane ine."

Anandikankhira beseni lija pafupi, n'kupitiriza.

"Munkati kanthu kanu kalowa kopanda msonkho. Msonkho wake ndapereka ine lero, pamsewu paja. Ndiye mumve, poti mumakonda kulonjeza. Ine ndikadzafa musadzavutike n'kufuna galimoto. Mudzandiike ku Blantyre komweko, pakati pa alendo. Kuno sindidzabweranso."